Chikamwini cha ku Brussels: mmene mayiko a kum'mawa kwa Ulaya adalowera mu EU



Akuluakulu ambiri muno mukukumbukira chaka cha 1992. Mwezi wa Malichi maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo ija, ndipo mu Meyi mayiko otithandiza adakumana ku Paris n'kuimika thandizo. Pa 14 Juni 1993 tidavota, nyali n'kuposa tambala wakuda. Mphepo imene idatifika ija idaomba kuchokera kutali. Kwa zaka zambiri mayiko a azungu ankalekerera boma lililonse la chipani chimodzi, bola lisakhale kumbali ya Moscow. Khoma la Berlin litagwa pa 9 Novembala 1989, chifukwa cholekerera chidatha. Choncho ife ndi anthu a ku Poland, Hungary ndi Bulgaria tidatuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi nyengo imodzi. Kungoti iwo potulukamo adapeza pali khomo loti agogodepo, ndipo madzulo ano ndikufuna tikambirane za khomo limenelo.

Ndidzatchula kwambiri dziko la Poland, popeza ndilo lalikulu mwa onse amene adalowa, la anthu pafupifupi 38 miliyoni. Kumeneko chikomyunizimu chidayamba kugwedezeka mu Ogasiti 1980, ogwira ntchito pamalo okhomera sitima zapamadzi ku Gdańsk atanyanyala ntchito motsogozedwa ndi Lech Wałęsa, munthu wokonza magetsi. Bungwe lawo la Solidarność lidakula mpaka mamembala pafupifupi 10 miliyoni. Boma la Jaruzelski lidaika dziko m'manja mwa asilikali pa 13 Disembala 1981, atsogoleri n'kutsekeredwa. Zaka zimenezo nyama ndi shuga ankagula ndi makadi, ndipo amayi ankalawirira kukaima pamzere kugolosale mbandakucha osadziwa n'komwe ngati kubwere katundu. Pomaliza boma lidatopa n'kukhala pansi ndi otsutsa. Pa chisankho cha mu Juni 1989 a Solidarność adatenga mipando 99 mwa 100 ya nyumba ya seneti.

Ufulu udabwera ndi njala yake. Pa 1 Janyuwale 1990 nduna ya zachuma, Leszek Balcerowicz, idamasula mitengo n'kuleka kupereka ndalama ku mafakitale a boma amene ankangoluza. Mashelefu adadzaza m'masabata ochepa, koma matumba a anthu adauma. Minda ikuluikulu ya boma, imene idali ndi nyumba za antchito, sukulu za mkaka ndi zipatala zake, idathetsedwa, ndipo midzi yathunthu ya kumpoto ndi kumadzulo idangokhala duu, popanda wolemba ntchito. Chaka cholowera mu EU chimafika munthu mmodzi mwa asanu alionse ofuna ntchito ku Poland ali lova.

Tsono EU n'chiyani? Idayamba ndi mayiko asanu ndi limodzi pa pangano la ku Rome mu 1957, ndipo dzina la EU idalitenga mu 1993. Chimene chimaisiyanitsa ndi mabungwe ena amene atsogoleri amangokumana, kujambulitsa ndi kubalalika, n'chakuti malamulo ake ali ndi mano. Amakonzedwa ku Brussels, maboma a mayikowo ndi nyumba ya malamulo ya Ulaya n'kuvomereza, ndipo akasemphana ndi lamulo la dziko lanu, lanulo ndilo limagonja. Dziko likaphwanya, pali khothi ku Luxembourg limene limalamula chindapusa. Katundu, ndalama, ntchito ndi anthu zimayenda popanda msonkho wa pamalire.

Wina afunse kuti, anthu oti angomasuka kumene m'manja mwa Moscow, bwanji akuthamangiranso kukapereka mphamvu zawo ku Brussels? Funso limeneli ife sitingalipepule. Makolo athu adakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka chidatha mu 1963, ena n'kufera momwemo. Koma Chitaganya adatisenzetsa osatifunsa. Awa adafunsira okha, ndipo chimene chidawakankha kwambiri ndi mantha. Akasinja a Soviet Union adalowa mu Budapest mu 1956 ndi mu Prague mu 1968. Estonia, Latvia ndi Lithuania adamezedwa mu 1940, anthu masauzande n'kutengedwa m'mabogi a ng'ombe kupita ku Siberia. Pa 23 Ogasiti 1989 anthu pafupifupi 2 miliyoni a mayiko atatuwa adagwirana manja mumzere wa makilomita oposa 600, kuchokera ku Tallinn kudzera ku Riga mpaka ku Vilnius. Munthu wogona pafupi ndi mkango safunsa kuti mpanda wa mnzake wamangidwa ndi mitengo yanji. N'chifukwa chake ankagogoda makomo awiri nthawi imodzi, la EU ndi la NATO. Poland, Hungary ndi Czech Republic adalowa mu NATO mu 1999, EU isadawatsekulire.

Eni mudzi sadathamange. Mu Juni 1993 atsogoleri a mayiko 12 a nthawiyo adakumana ku Copenhagen n'kuika zoyenera kuchita wofuna kulowa: akhale ndi demokalase yokhazikika, makhothi oima paokha ndi ulemu kwa mitundu ing'onoing'ono ya m'dziko mwake; chuma chake chikhale cha msika chotha kupikisana ndi cha anzake; ndipo alandire malamulo onse a EU monga alili. Apa ndipo ndimati chikamwini. Mnyamata wafunsira mbeta, ankhoswe amvana, koma asanapatsidwe mphika wakewake amayamba walima munda wa apongozi, wamanga nkhokwe, wafolera denga, ndipo mudzi wonse ukumuyang'ana mayendedwe. Poland idapereka kalata yofunsira mu Epulo 1994. Zokambirana zidayamba mu Malichi 1998, n'kutha mu Disembala 2002.

Mawu akuti zokambirana asakunyengeni. Malamulo aja adali masamba pafupifupi 80,000, ogawidwa m'mitu 31, ndipo padalibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene wofunsira akadatha kusintha. Chokambirana chidali nthawi basi: lamulo ili mulikwaniritsa liti. Nyumba za malamulo ku Warsaw, Riga ndi Bratislava zinkavomereza malamulo mulumulu, aphungu ena asanawerenge n'komwe, chifukwa chaka chilichonse a ku Brussels ankatulutsa lipoti lonena amene watsogola ndi amene watsalira.

Kuti mumvetse masamba 80,000, tiyeni tilowe m'khola limodzi. Ku Podlasie, kumpoto chakum'mawa kwa Poland, kudali alimi ambiri a ng'ombe zitatu kapena zinayi. Mayi ankakama ndi manja m'mamawa, n'kuthira mkaka m'chigubu cha chitsulo, chigubu n'kukachiimika m'mbali mwa msewu kudikira ngolo. Amene mudaonako alimi a ku Bvumbwe akupalasa njinga ndi zigubu kupita kumalo oziziritsira mkaka mukuchiona chithunzicho. Lamulo la EU lidati mkaka uziziziritsidwa msangamsanga, tizilombo tisapitirire 100,000 mu mililita imodzi, ng'ombe iliyonse ikhale ndi nambala kukhutu ndi chiphaso chake, pansi pa mokamira pakhale potsukika ndi madzi. Mlimi wa ng'ombe zitatu akawerengera mtengo wa thanki yoziziritsira ankapeza kuti sangaubweze mpaka imfa. Ambiri adagulitsa ng'ombe. Amene adalimba mtima adakongola, ng'ombe zidakwana makumi atatu, ndipo makampani a alimi okhaokha monga Mlekovita ndi Mlekpol lero ali m'gulu la aakulu kwambiri m'dzikomo, tchizi wawo akugulitsidwa kunja. Mkaka wa ku Podlasie ndi wabwino kuposa kale, palibe angatsutse. Koma mayi wa ng'ombe zitatu uja sadalembedwe mu lipoti lililonse la ku Brussels, ndipo ine ndimafuna kuti inu ophunzira za chuma muzimufunafuna nthawi zonse mukamawerenga kuti dziko latukuka.

Ena adalipira ndi magetsi. Lithuania idali ndi malo opangira magetsi a nyukiliya ku Ignalina, a mtundu umodzi ndi aja adaphulika ku Chernobyl mu 1986, ndipo ankapereka magetsi ochuluka a dziko lonselo. A EU adati atsekedwe. Makina oyamba adazimitsidwa kumapeto kwa 2004, achiwiri kumapeto kwa 2009, dziko logulitsa magetsi n'kusanduka logula.

Tsono nayi mbali imene ndimaiona yamtengo wapatali. Ku Slovakia kudali nduna yaikulu, Vladimír Mečiar, yopondereza otsutsa ndi atolankhani. Mu 1997 a EU potchula mayiko oyamba kukambirana nawo adaisiya Slovakia panja, n'kunena poyera kuti vuto ndi ulamuliro wake. Anthu a ku Slovakia adaona anansi awo a ku Czech Republic, amene adali nawo dziko limodzi mpaka 1993, akuwasiya m'mbuyo. Pa chisankho cha 1998 adatuluka mwaunyinji, Mečiar n'kuchoka pampando, ndipo boma la Mikuláš Dzurinda lidathamanga mpaka kupezana ndi anzawo. Estonia ndi Latvia adafewetsa malamulo a unzika ndi chilankhulo okhudza anthu olankhula Chirasha. Croatia sidayambe zokambirana mpaka idagwirizana ndi khothi la milandu ya nkhondo ku The Hague, ndipo mkulu wa asilikali Ante Gotovina, amene anthu ambiri kwawo ankamutenga ngati ngwazi, adagwidwa mu Disembala 2005. Palibe msilikali wa EU adaoloka malire kuti zimenezi zichitike. Chidachititsa ndi khomo lotseka, ndi anthu ofunitsitsa kuti litsekuke.

Eni mudzi nawo adaumira. Alimi a mayiko atsopano adauzidwa kuti sabuside yawo iyambira pa 25 pa 100 alionse a imene mlimi wa ku France kapena Germany amalandira, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka 2013. Msika umodzi, malamulo amodzi, koma thandizo losiyana. Alimi a ku Poland adaopanso kuti Ajeremani a ndalama adzagula minda yawo yonse, ndipo boma lawo lidapempha zaka 12 zoletsa alendo kugula minda mwaufulu. Riferendamu ya pa 7 ndi 8 Juni 2003 isanachitike, mantha aakulu adali akuti ovota sakwana theka, zotsatira n'kukhala zopanda mphamvu. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, mwana wa dziko lomwelo, adalankhula mokomera kulowa, ndipo kumidzi mawu ake ankalemera kuposa a nduna iliyonse. Adavota anthu pafupifupi 59 pa 100 alionse, ndipo 77 pa 100 alionse a iwo adati inde.

Pa 1 Meyi 2004 mbendera zidakwezedwa ku Dublin. Mayiko khumi adalowa tsiku limodzi: Poland, Czech Republic, Slovakia, Hungary, Slovenia, Estonia, Latvia ndi Lithuania, pamodzi ndi zilumba za Cyprus ndi Malta zimene sizidali za chikomyunizimu. Bulgaria ndi Romania adatsatira mu 2007, Croatia mu 2013.

Phindu lake sindichedwapo, chifukwa likuoneka. Polowa, chuma cha munthu mmodzi ku Poland chidali pafupifupi theka la cha munthu wamba wa mu EU. Patapita zaka makumi awiri chidafika pafupifupi 80 pa 100 alionse. Mu 2009, chuma cha mayiko ena onse a EU chikubwerera m'mbuyo, cha Poland chokha chidakula. Ndalama za ku Brussels zidamanga misewu ikuluikulu, njanji ndi mipope ya madzi mpaka m'matauni aang'ono. Slovakia, dziko la anthu 5 miliyoni ndi theka, ili ndi mafakitale a Volkswagen ku Bratislava, Kia ku Žilina ndi Jaguar Land Rover ku Nitra, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake palibe dziko lopanga galimoto zambiri kuiposa. Eni mafakitalewo ndi akunja, ndipo phindu lalikulu limabwerera kwawo. Adabwera chifukwa malipiro adali otsika. Mu Disembala 2007 zipata za pamalire a mayiko atsopanowa ndi Germany ndi Austria zidachotsedwa. Alimi aja amene ankaopa kwambiri ndiwo ena mwa amene adapindula kwambiri.

Koma walira mvula walira matope. Mu 2004 mayiko atatu okha, Britain, Ireland ndi Sweden, ndiwo adalola anthu a mayiko atsopano kudzagwira ntchito nthawi yomweyo. Germany ndi Austria adadikira mpaka 2011. Kafukufuku amene boma la Britain lidadalira adati kuzibwera anthu pakati pa 5,000 ndi 13,000 pachaka. Pofika 2016 ku Britain kudali anthu obadwira ku Poland pafupifupi 900,000, ndipo kalembera wa 2011 adapeza kuti Chipolishi ndicho chilankhulo chachiwiri ku England.

Mchemwali wanga wina adagwirako ntchito yosamalira nkhalamba ku England zaka zimenezo. Adandisimbira za mayi wina wa ku Poland amene ankagwira naye usiku. Kwawo adali mphunzitsi wa masamu. Cha m'ma 3 koloko, akamaliza kutembenuza agogo pabedi ndi kusintha nsalu, awiriwo ankakhala m'kakhitchini ndi makapu a tiyi, aliyense foni m'manja, kuonetsana zithunzi za ana. A mchemwali wanga adali ndi agogo awo ku Ntcheu, a mnzakeyo adali ndi agogo awo m'tauni ina yaing'ono kum'mawa kwa Poland. Onse ankatumiza ndalama kumapeto kwa mwezi, onse ankalera ana pafoni. Kusiyana kudali kumodzi. Mchemwali wanga ankalipira viza ndi kuwerenga masiku a chilolezo chake ndi mtima uli m'mwamba. Mnzakeyo adangokwera basi, kuyenda usana ndi usiku, n'kutsika pa Victoria ku London ndi chitupa cha unzika m'thumba. Ku Poland ana otere adawapatsa dzina, lotanthauza amasiye a Ulaya: makolo ali moyo, koma ali kutali.

Mayiko aang'ono adataya magazi ambiri. Latvia idali ndi anthu pafupifupi 2.7 miliyoni mu 1990, lero sakwana 2 miliyoni. Bulgaria idali ndi pafupifupi 9 miliyoni kumapeto kwa chikomyunizimu, kalembera wa 2021 n'kupeza 6.5 miliyoni. Si onse adasamuka, kubereka nakonso kudatsika, koma opitawo adali achinyamata, amisiri, anamwino ndi madokotala. Romania idaphunzitsa madokotala ndi misonkho yake, n'kukachiritsa odwala ku France ndi Germany. Ife amene tidaona anamwino athu akupita ku Britain m'zaka zomwezo tikudziwa mmene wodi imakhalira usiku ikatsala ndi namwino mmodzi. Ndipo kwa olandira alendowo nkhaniyi idasanduka ndale: kuchuluka kwa obwera kudali pakamwa pa ambiri amene adavota pa 23 Juni 2016 kuti Britain ituluke mu EU.

Tsopano tibwerere kwa mkamwini uja. Akapatsidwa mphika wake, ana n'kubadwa, apongozi sangamuthamangitsenso mwachisawawa, ndipo iye amadziwa. Mapangano a EU ali ndi ndime yolola dziko kutuluka lokha, koma alibe ndime yolichotsa. Viktor Orbán atapambana ku Hungary mu 2010 ndi aphungu okwana magawo awiri mwa atatu, adalemba malamulo oyendetsera dziko atsopano, adafupikitsa zaka zopumira ntchito za oweruza kuti ambiri achoke, mawailesi ndi nyuzi zambiri n'kugwera m'manja mwa anzake, ndipo yunivesite ya Central European University idakakamizika kusamukira ku Vienna. Ku Poland chipani cha PiS chitalowa m'boma mu 2015 chidayamba ndi khothi loona za malamulo oyendetsera dziko, kenako chidakhazikitsa nthambi yolanga oweruza. A ku Brussels adatsegula mlandu pa Poland mu 2017, ndipo wa Hungary udatsegulidwa mu 2018, koma kuti dziko lilandidwe voti pafunika mayiko ena onse avomereze, ndipo awiriwa ankatchinjirizana. Khothi la ku Luxembourg lidalamula Poland kulipira mayuro 1 miliyoni patsiku mu 2021. Hungary idaimikiridwa mayuro oposa 6 biliyoni mu 2022. Ndodo imene idatsala ndi ya ndalama yokha.

Maganizo anga ndi akuti malamulo aja adalowa mwachangu kuposa mmene mizu yawo ikadamerera. Lamulo lovomerezedwa chifukwa lipoti la ku Brussels likubwera mwezi wamawa silikhala ndi mwini kumudzi, ndipo wandale wochenjera savutika kuuza anthu a kumidzi yosiyidwa ija kuti oweruza ndi atolankhani ndi zida za alendo. Ambiri amene adavotera PiS adali ochokera kumadera amene kusintha kwa 1990 kudawapweteka, ndipo chipanicho chidawapatsa ndalama ya mwana aliyense, mazloti 500 pamwezi, chinthu chogwirika ndi manja. Sindikuwanyoza. Ndipo amene adabweza zinthu ku Poland si a ku Brussels. Adali ovota, 74 pa 100 alionse, amene adaima pamizere mpaka usiku mu Okutobala 2023, Donald Tusk n'kubwerera pampando wa nduna yaikulu. Ku Romania nako, amene adaletsa boma kufewetsa malamulo a katangale mu Febuluwale 2017 adali anthu masauzande mazanamazana amene adadzaza mabwalo m'chisanu, ngakhale n'zoona kuti ofesi yolimbana ndi katangale imene ankaiteteza idalimbikitsidwa ndi chikamwini chomwecho.

Pakhomo padakali mzere. Macedonia idalandiridwa ngati wofunsira mu 2005, idasintha ndi dzina lomwe mu 2019 kukhala North Macedonia kuti Greece isiye kuitsekereza, kenako Bulgaria n'kudzutsa mlandu wake wa chilankhulo ndi mbiri. Ku Ukraine, pulezidenti Yanukovych atakana kusaina pangano la ubale ndi EU mu Novembala 2013, anthu adadzaza bwalo la Maidan ku Kyiv, ndipo oposa zana adaphedwa. Russia idalanda Crimea mu 2014, n'kulowa ndi nkhondo yathunthu pa 24 Febuluwale 2022. Patangopita masiku anayi, mizinga ikugwa, Ukraine idapereka kalata yofunsira, ndipo mu Juni chaka chomwecho idalandiridwa ngati wofunsira pamodzi ndi Moldova.

Anthu a ku Poland adatsekula nyumba zawo, n'kulandira othawa nkhondo mamiliyoni pa masiteshoni a sitima monga wa ku Przemyśl, ndi supu ndi mabulangete. Koma EU itachotsa msonkho pa mbewu za ku Ukraine, tirigu ndi chimanga chotchipa zidadzaza nkhokwe za ku Poland, mitengo n'kugwa. Mu 2023 boma la Poland lidaletsa mbewuzo, ndipo kumayambiriro kwa 2024 alimi adaimika mathirakitala awo pamalire, ku Dorohusk ndi ku Medyka, ena mpaka kukhuthulira pansi mbewu za m'malole ndi m'mabogi. Ambiri mwa alimi amenewo ndi ana a aja amene mu 2004 adalandira 25 pa 100 alionse, ndipo ena mwa mathirakitala otsekereza msewuwo adagulidwa ndi thandizo la ku Brussels. Madalaivala a ku Ukraine adagona m'malole mwawo masiku angapo m'chisanu, kudikira kuti msewu utsekuke.

Ndalekeza pamenepa kuti nthawi ya mafunso itsale.